Kayezedwe ka gawo la pansi la mlengalenga: kupeza pamene mpweya wovunduka walekezera

M'mawa wa mwezi wa Juni, dzuwa lisanakwere, imani pachitunda muyang'ane kudambo. Utsi wa m'makhitchini ndi wa mauvuni a njerwa umakwera pang'ono chabe, kenaka n'kugona chopingasa, kuyala pamwamba pa mitengo ngati wagunda denga. Ikamakwana 10 koloko utsi uja wabalalika. Mukabwerenso pamalo omwewo masana a mu Okutobala mupeza kamvuluvulu akunyamula fumbi ndi makoko a chimanga kupita nazo m'mwamba, akabawi akuzungulira kutali osakupiza mapiko. Utsi wogona uja ndi akabawi oyandamawa akuonetsa chinthu chimodzi, gawo la mpweya loyandikana ndi nthaka limene akatswiri a zanyengo amalitcha planetary boundary layer. Ndi mpweya umene umamva msanga zochitika panthaka, mkati mwa ola limodzi kapena osakwana. Nthaka ikatentha nawo umatentha, ikazizira nawo umazizira, ndipo mitengo, nyumba ndi mapiri zimauchepetsa liwiro ndi kuuvundula.

Gawoli lilibe msinkhu umodzi. Pamtunda, masana a dzuwa, limafika kilomita imodzi kapena makilomita awiri, ndipo m'malo ouma nthawi yotentha limatha kupitirira atatu. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo limaphwa mpaka mamita 100 kapena 200, nthawi zina makumi angapo okha. Utsi wa galimoto, wa makala ndi wa moto wolusa umasungunukira m'gawo limeneli, ndipo likafupika anthu amaupuma uli wokhathamira. N'chifukwa chake oyang'anira ukhondo wa mpweya m'mizinda, olosera mvula ya mabingu ndi okonza nthawi yotentha nzimbe kapena tchire amaifuna nambalayi.

Musanagwire chipangizo chilichonse, dziwani kuti kumwambako kulibe mzere wolembedwa. Timayeza zizindikiro. Chipangizo china chimaona pamene kutentha kwasintha, china pamene fumbi lathera, china pamene mpweya wasiya kuvunduka. Masana a dzuwa zizindikiro zitatuzi zimagwirizana ndithu, koma madzulo ndi usiku zimatha kusiyana ndi makilomita athunthu. Chifukwa chake chili m'kayendedwe ka tsiku. Dzuwa likatuluka nthaka imatenthetsa mpweya wapansi, mpweyawo n'kumakwera m'zibuma ngati phala lowira mumphika, mpaka kugunda mpweya wofunda ndi wouma umene wakhala pamwamba ngati chivindikiro. Dzuwa likapendeka kuwirako kumaleka. Pansi pamayamba gawo latsopano, lozizira ndi lodekha, ndipo pamwamba pake pamatsala mpweya wa masana uja uli ndi fumbi ndi chinyezi chake chonse koma osavundukanso. Umenewu tiutche gawo lotsalira. Zolakwika zambiri pantchitoyi zimachokera kwa ilo.

Zokonzeratu musanayeze

Msinkhu wa gawoli timauwerenga kuchokera panthaka pamene mwaima, pomwe GPS ndi mafayilo ambiri amapereka msinkhu kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230, la Chileka pafupifupi 780, ndipo nyanja ya Malawi ili pafupifupi pa mamita 474. Mukaiwala kuchotsera nambala ya malo anu, gawo la mamita 150 la usiku ku Lilongwe lidzaoneka ngati la mamita 1,380. Lembaninso nthawi m'njira ziwiri, ya UTC, yomwe ndi nthawi imodzi yoyendera dziko lonse, ndi ya kwanuko. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri.

Malo oyezera akhale otseguka, audzu waufupi, kutali ndi malata, phula ndi khoma lotentha. Ngati muli m'mphepete mwa nyanja, monga ku Salima kapena ku Nkhata Bay, yembekezerani kuti kamphepo kochokera panyanja masana kalowetsa mpweya wozizira pansi, n'kupanga kagawo kakafupi mkati mwa gawo lalikulu. Nambala ya pamenepo siimira mtunda wonse.

Njira yoyamba: chibaluni ndi radiosonde

Iyi ndiyo njira imene zina zonse zimayerekezedwa nayo. Radiosonde ndi kabokosi konyamulidwa ndi chibaluni, kolemera pafupifupi magalamu 100, kokhala ndi zoyezera kutentha ndi chinyezi, GPS ndi wailesi yotumiza uthenga pakati pa 400 ndi 406 MHz. Ya masiku ano, monga Vaisala RS41, imatumiza muyezo sekondi iliyonse. Padziko lonse zibaluni zimaulutsidwa pa 00 ndi 12 UTC. Kuno kwathu imeneyo ndi 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana, nthawi zabwino kwambiri, chifukwa ya masanayo imapeza gawoli litatsala pang'ono kufika pachimake ndipo ya usikuyo imalipeza litaphwa. Mayiko ena nthawi zimenezi zimagwera m'bandakucha ndi chisisira, pamene zonse zikusintha.

Yambani ndi kuyesa radiosonde pa chipangizo chake choyesera pansi, kenaka muitulutse panja, pamthunzi podutsa mphepo, kwa mphindi zingapo. Ikachokera m'chipinda chozizira n'kuuluka nthawi yomweyo, mamita oyambirira amaonetsa kuzizira kwabodza, ndipo mamita amenewo ndiwo ofunika koposa. Yerekezani muyezo wake ndi thermometer ya pasiteshoni, yomwe imakhala m'kabokosi kake pakati pa mamita 1.25 ndi 2 kuchokera pansi. Zikasiyana ndi theka la digiri kapena kuposa, fufuzani chifukwa musanaulutse. Lembani kutentha, chinyezi, presha ndi mphepo ya pa mamita 10 pa mphindi yeniyeni youlutsira, osati za pa ola lapitalo.

Chibaluni chimadzazidwa ndi hydrogen kapena helium kuti chizikwera pafupifupi mamita 5 pa sekondi. Musamayeze kudzaza ndi maso. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho chibaluni chimafunika kufufuma kwambiri kuti chinyamule katundu yemweyo. Mangani chitsulo cholemera monga mmene tebulo la opanga chibalunicho likunenera, mudzaze mpaka chibaluni chitangoyamba kuchinyamula. Hydrogen imayaka ikasakanikirana ndi mpweya kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100 aliwonse, ndiye chipinda chodzaziramo chikhale chotseguka pamwamba, mapaipi alumikizidwe ndi waya wolowa m'nthaka, ndipo pasakhale fodya, foni kapena zovala za nayiloni zothetheka. Chingwe cha pakati pa chibaluni ndi radiosonde chikhale cha mamita 30 kapena kuposa, kuti kachipangizo kasamayeze mpweya umene watenthedwa ndi chibalunicho. Ngati muli pafupi ndi bwalo la ndege, imbirani oyang'anira ndege musanachisiye.

Mukalandira fayilo, musafufuze denga la gawoli pa kutentha wamba. Mpweya wouma ukamakwera umazizira wokha ndi madigiri 9.8 pa kilomita iliyonse, ndipo kuzizira kumeneko kumabisa chimene mukufuna. Sinthani kutenthako kukhale potential temperature, yomwe timailemba θ. Uku ndi kutentha kumene mpweyawo ungakhale nako mutautsitsira pa presha ya 1000 hPa (hPa ndi muyezo wa presha ya mpweya) osauwonjezera kapena kuuchotsera kutentha kulikonse:

θ = T × (1000 ÷ p)^0.286

T, kutentha wamba, ikhale mu kelvin, kutanthauza madigiri a Celsius kuphatikiza 273.15, ndipo p, presha, ikhale mu hPa. Popeza mpweya wachinyezi ndi wopepuka kuposa wouma, konzaninso motere: θv = θ × (1 + 0.61 × r), pamene r ndi makilogalamu a nthunzi ya madzi pa kilogalamu ya mpweya wouma. Apa ambiri amaphonya poika r mu magalamu, n'kupeza nambala zosamveka.

Tiyerekeze masana ena pamalo okwera: kutentha ndi madigiri 30, presha ndi 875 hPa, r ndi magalamu 8 pa kilogalamu, ndiye kuti 0.008. θ ikutuluka 315.0, ndipo θv ndi 316.5. Jambulani girafu ya θv, msinkhu uli choimirira. Masana a dzuwa muona mzerewo ukutsika pang'ono m'mamita 100 oyambirira, chifukwa mpweya wogunda nthaka ndiwo wotentha kwambiri, kenaka ukuima chilili osasintha kwa mtunda wautali, n'kudzakhotera kumanja mwadzidzidzi. Pokhoterapo ndiye pa chivindikiro.

Kuti mupeze nambala, njira yachidule ndi yotsata chibuma cha mpweya. Kokani mzere woongoka kuchokera pa θv ya pansi kukwera nawo mpaka ukumane ndi mzere wa girafu. Pamene yakumanapo ndi pamene chibuma chochokera panthaka chimasiya kupepuka kuposa mpweya wochizungulira. George Holzworth wa ku United States anagwiritsa ntchito ganizo limeneli mu 1964, ndipo njira yake ikuthandizabe kumene chibaluni chimauluka kamodzi patsiku: amatenga muyezo wa chibaluni cha m'mawa n'kuuphatikiza ndi kutentha kwakukulu kwa masana. Imalephera ngati mphepo yabweretsa mpweya wina pakati pa m'mawa ndi masana, monga tsiku limene chiperoni chikulowa. Vuto lake lina ndi lakuti yonse yatsamira pa thermometer imodzi ya pansi. Ngati pamwamba θ ikukwera ndi madigiri atatu okha pa kilomita, kuphonya kwa digiri imodzi pansi kumasuntha yankho ndi mamita oposa 300. Thermometer yoombedwa ndi dzuwa kapena yoyandikana ndi phula imaphonya choncho mosavuta.

Njira yogwira usana ndi usiku womwe ndi ya bulk Richardson number, yomwe timailemba Ri, dzina lochokera kwa Lewis Fry Richardson wa ku Britain. Imayerekeza mphamvu imene ikukhazika mpweya pansi ndi mphamvu ya mphepo imene ikuuvundula:

Ri = (9.81 ÷ θv ya pansi) × (θv ya pa z − θv ya pansi) × z ÷ U²

z ndi msinkhu kuchokera panthaka, U ndi liwiro la mphepo pa msinkhu umenewo mu mamita pa sekondi. Werengerani kuyambira pansi, muyezo ndi muyezo, muime pamalo oyamba pamene Ri yafika 0.25. M'chitsanzo chathu, pa mamita 2,300 θv ndi 316.55 ndipo mphepo ndi mamita 6 pa sekondi, zomwe zikupereka Ri ya 0.10. Pa mamita 2,400 θv ndi 316.7, mphepo ndi yomweyo, Ri ndi 0.41. Nambala ya 0.25 ili pafupifupi pakatikati, choncho denga lili pa mamita 2,350. Mawu akuti malo oyamba ndi ofunika, chifukwa pamwamba Ri imatha kutsikanso pamene pali mphepo yamphamvu, ndipo pulogalamu yofufuza kuchokera kumwamba imagwira malo olakwika. Ena amachotsera mphepo ya pansi pa U, ena amawonjezera gawo la kukhuzana kwa mphepo ndi nthaka, ena amaima pa 0.5. Palibe choipa, bola munene chimene mwasankha ndipo musachisinthe pakati pa ntchito.

Nthawi zonse tsimikizani yankho ndi girafu ya chinyezi. Pa chivindikiro chenicheni r imagwa mwadzidzidzi pamalo omwewo pamene θ yalumpha. Zikasiyana kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti chinyezi chikuonetsa denga la gawo lotsalira la dzulo.

Usiku ndi pamene pagona vuto. Tiyerekeze θv ya pansi ndi 300. Pa mamita 40 yakwera ndi 1.5 ndipo mphepo ndi mamita atatu pa sekondi, Ri ndi 0.22. Pa mamita 60 yakwera ndi 2, mphepo ndi 3.5, Ri ndi 0.32. Denga lili pafupi ndi mamita 45, pamene chibaluni chimadutsa pasanathe masekondi 10 chichokereni m'manja, chingwe chikumasukabe ndipo kabokosi kakugwedezeka uku ndi uku moti mphepo ya GPS siyodalirika. Ndiye yankho la usiku lochepera mamita 100 lilembedwe kuti ndi losakwana mamita 100, osaika nambala yooneka ngati yotsimikizika. Masana n'koyenera kusalaza miyezo potenga avereji ya mamita 50 aliwonse kuti tizigamba ta mpweya tisakusokonezeni, koma usiku kusalaza kotero kumafufuta gawo lonse. Mphepo ikakhala bata, U imayandikira ziro ndipo Ri imakula mopanda tanthauzo. Zikatero lembani msinkhu pamene kutentha wamba kwasiya kukwera, umene ndi denga la mpweya wozizira wa pansi, ndipo munene kuti mwagwiritsa ntchito chizindikiro chimenecho.

Pali zina ziwiri zoti muzisamale. Chibaluni chikadutsa mumtambo, choyezera kutentha chimanyowa, ndipo chikatuluka madziwo amauma n'kuchiziziritsa, girafu n'kuonetsa kagawo kozizira kabodza pamwamba pa mtambo. Chachiwiri, chibaluni ndi muyezo wa malo amodzi pa mphindi zochepa. Chimafika mamita 2,500 m'mphindi zisanu ndi zitatu ndi pang'ono, chitatengedwa ndi mphepo makilomita atatu ngati ikuomba mamita 6 pa sekondi. Denga la masana limatukuka ndi kutsika ndi mamita mazana angapo malinga ndi zibuma zomwe zikuligunda, choncho zibaluni ziwiri zosiyana ndi mphindi 10 zingapereke mayankho osiyana popanda cholakwika chilichonse.

Amene alibe chibaluni chawochawo angatenge miyezo ya masiteshoni ena, monga ya Irene pafupi ndi Pretoria, pa intaneti ku University of Wyoming kapena m'nkhokwe ya IGRA ya bungwe la NOAA la ku United States. Yang'anani kaye kuchuluka kwa mizere m'fayilo. Mafayilo ena akale ali ndi miyezo ya pa presha zokhazikika zokha, monga 850, 700 ndi 500 hPa. Pamalo okwera ngati Lilongwe, 850 hPa ili mamita pafupifupi 250 kuchokera pansi ndipo 700 hPa ili pafupi ndi 1,900. Pakati pake palibe kanthu, ndipo denga simungalipeze pamenepo.

Njira yachiwiri: ceilometer

Chibaluni chimakupatsani nambala ziwiri patsiku. Kuti muone gawoli likukula ndi kuphwa ola ndi ola, chipangizo chofikirika ndi ceilometer, chomwe chimapezeka kale m'mabwalo ambiri a ndege poyeza msinkhu wa mitambo. Chimaponya kuwala kwa laser kumwamba n'kuyeza kumene kwabwerera kutagunda fumbi, utsi ndi timadontho. Vaisala CL31 ndi CL51 zimagwiritsa ntchito kuwala kwa 910 nm (nm ndi muyezo wa utali wa funde la kuwala), pamene Lufft CHM 15k ndi kwa 1064 nm. Popeza fumbi lambiri limachokera pansi, m'gawo lovunduka kuwala kumabwerera kochuluka, ndipo pamwamba pa chivindikiro kumachepa mwadzidzidzi.

Choyamba, pemphani kuti chipangizo chizisunga uthenga wonse wa kuwala kobwerera pa msinkhu uliwonse. M'mabwalo a ndege nthawi zambiri chimasunga msinkhu wa mtambo wokha, zina zonse n'kutayika. Miyezo ya masekondi ochepa imakhala ndi phokoso lambiri, kutanthauza kulumphalumpha kwabodza kwa nambala, ndiye tengani avereji ya mphindi 10, ndi ya mamita 60 mpaka 100 choimirira, kuwonjezera kusalazako mukamakwera chifukwa phokoso limakula ndi mtunda. Kenaka fufuzani pamene kuwala kukugwa mofulumira kwambiri. Kufufuza pa logarithm ya kuwalako kumathandiza kuti fumbi lochuluka la pansi lisaphimbe kugwa kwa pamwamba. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito Haar wavelet, imene kwenikweni imangoyerekeza avereji ya kuwala pansi ndi pamwamba pa msinkhu uliwonse. Musalole pulogalamu kusankha malo amodzi. Isunge malo atatu ogwa kwambiri pa nthawi iliyonse, inu mudzasankhe mutaona chithunzi cha tsiku lonse.

Kusankhako ndi kumene kumafuna munthu. Ceilometer imaona fumbi, siona kuvunduka. Nthawi ya 8 koloko usiku kugwa kwakukulu kumakhalabe pa mamita 2,000 kapena kuposa, pa denga la gawo lotsalira, pamene gawo lenileni lili pansi pa mamita 200. M'mawa tsatirani mzere umene ukuyambira pansi dzuwa litatuluka ndi kumakwera. Poyamba umakwera pang'onopang'ono pamene ukudya mpweya wozizira wa usiku, ndipo ukauboola umathamanga m'gawo lotsalira chifukwa mulibe chouletsa, mwina kilomita yathunthu pasanathe ola. Mukaika malire okhwima pa liwiro la kakulidwe kuti muchotse kulumphalumpha kwabodza, mudzadulanso kukula kwenikweni kumeneku.

Kum'mwera kwa Africa kuli msampha wina kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, nyengo ya moto wa m'tchire. Utsi wochokera kutali umayenda m'mwamba m'magawomagawo, utatsekeredwa pansi pa zivindikiro zokhalitsa zimene zimapezeka pafupi ndi 700 hPa ndi 500 hPa, ndiye kuti pafupifupi makilomita atatu ndi asanu ndi theka kuchokera pa nyanja yamchere. Kafukufuku wa SAFARI 2000 anayeza utsi umenewu ndi ndege mu Ogasiti ndi Seputembala chaka cha 2000. Masiku otere pamwamba pa gawo lanu pamakhala utsi wochuluka ngati wa m'kati mwake, kugwa kumene mukufuna n'kuzimiririka, pulogalamu n'kugwira denga la utsi wa kumwamba. Nthawi ya dzinja vuto limatembenuka: mvula ikatsuka mpweya fumbi limachepa moti palibe chobweza kuwala. Mvula ikamagwa, kapena chifunga ndi chiperoni zikaphimba, kuwala kumathera mumtambo wapansi. Maola amenewo alembeni kuti palibe muyezo. Mitambo yoyera ya masana ikamadutsa, tsinde lake limabweza kuwala kwambiri. Ichotseni musanatenge avereji, ndipo msinkhu wa tsinde lakelo muulembe padera.

Pafupi ndi chipangizo, kuwala kotuluka ndi diso lolandira sizinakumane bwino, choncho miyezo ya m'munsi ndi yokayikitsa: mamita makumi angapo pa CL31, ndi pafupifupi 200 pa zipangizo za magalasi awiri. Mukaona mzere woongoka wosasuntha pa msinkhu umodzi usana ndi usiku, umenewo ndi wa chipangizo, si wa mlengalenga. Galasi la pamwamba lipukutidwe ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera sabata iliyonse m'chilimwe, chifukwa fumbi ndi zitosi za mbalame zimafooketsa kuwala pang'onopang'ono mpaka denga la masana kusaonekanso. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, ndipo masiku amenewo phokoso la masana limakula. Ngati mwapendeketsa chipangizo kuti chipewe dzuwa ndi madontho a mvula, konzani msinkhu: pa madigiri 12 chulukitsani ndi 0.978, kotero mamita 2,000 a chipangizo ndi 1,956 enieni. Onani ngati pulogalamu yake siinakonze kale, mungakonze kawiri.

Zipangizo zina

Doppler lidar ndiyo imayeza kuvunduka kwenikweniko. Imaloza kumwamba n'kuyeza liwiro limene mpweya ukukwera ndi kutsika. Mumatenga variance ya liwirolo, muyezo wa mmene likusinthirasinthira, pa mphindi 30 mpaka 60, ndipo denga ndi pamene yatsika pansi pa malire amene mwasankha, kawirikawiri pakati pa 0.04 ndi 0.16 m²/s². Madzulo imaonetsa gawo likugwa nthawi yomweyo pamene ceilometer ikuonetsabe fumbi m'mwamba. Mtengo wake ndiwo umalepheretsa ambiri. Radar yoyeza mphepo ya 915 kapena 1290 MHz imaona denga la masana ngati mzere wowala pamene chinyezi chikusintha mwadzidzidzi, koma siona mamita 100 oyambirira ndipo mbalame ndi tizilombo touluka zimaisokoneza. Sodar imagwiritsa ntchito mawu, imafika mamita mazana ochepa, choncho ndi ya usiku ndi m'mawa. Iikeni kutali ndi msewu, jenereta, mitengo ndi makoma obweza mawu, podziwanso kuti nyenje za mu Okutobala ndi achule a m'dambo amaigonthetsa.

Droni ikudzaza mpata umene chibaluni chimausiya, wa mamita oyambirira. Mu 2017 Malawi inatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu mothandizana ndi UNICEF, koma kulikonse kuuluka kupitirira malire ololedwa, amene m'mayiko ambiri ndi mamita 120, kumafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege. Choyezera kutentha chiikidwe pamene mapiko akukoka mpweya watsopano, chotchingidwa ku dzuwa, kutali ndi injini ndi batire. Kwerani mamita awiri kapena atatu pa sekondi ndipo mudalire miyezo ya pokwera, chifukwa potsika droni imalowa mumpweya umene yauvundula yokha. Choyezera chochedwa ndi masekondi asanu pa liwiro la mamita atatu chimasuntha girafu yonse ndi mamita 15, m'mwamba pokwera ndi m'munsi potsika. Kusiyana kwa magirafu awiriwo ndiko kumakuuzani kuchedwa kwa choyezera chanu.

Popanda chipangizo choyang'ana kumwamba

Masana amene kuli timitambo toyera tosalala kunsi, tsinde lake lili pafupi ndi denga la gawo lovunduka. Yezani kutentha ndi dew point (digiri imene mpweya umayamba kupanga mame ukazizira) pamthunzi, muchotsere, muchulukitse ndi 125, mupeza msinkhu wa tsindelo mu mamita. Kutentha kwa 28 ndi dew point ya 18 kukupereka mamita 1,250. Njirayi imagwira pokhapokha timitamboto tikuoneka. M'chitsanzo chathu chija dew point ndi pafupifupi 8.5, zomwe zikupereka mamita pafupifupi 2,700, pamwamba pa denga la 2,350. Zibuma sizikufika poti n'kupanga mtambo, kumwamba kuli mbee, ndipo 2,700 ikungokuuzani kuti gawoli silinafike pamenepo.

Palinso ERA5 ya bungwe la zanyengo la ku Ulaya la ECMWF, yomwe imapereka msinkhu wa gawoli ola lililonse kuyambira 1940, m'mabokosi a makilomita pafupifupi 31, pogwiritsa ntchito Ri ya 0.25. Imeneyi ndi nambala yowerengeredwa ndi kompyuta, yothandiza poona kusintha kwa nyengo ndi nyengo. Bokosi limodzi lingathe kuphatikiza phiri la Mulanje, lofika mamita 3,002, ndi chigwa cha m'munsi mwake, ndiye musaiyese muyezo wa pamalo anu, makamaka usiku.

Polemba zotsatira, mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, ola la UTC, malo ndi kukwera kwake, chipangizo, njira ndi malire amene mwagwiritsa ntchito, mitambo imene inalipo, ndi chizindikiro chosonyeza ngati muyezowo ndi wodalirika, wokayikitsa kapena palibe. Ngati cholinga ndi utsi, chulukitsani msinkhu ndi avereji ya liwiro la mphepo m'gawolo: nambalayo ikakula, utsi umabalalika msanga. Mamita 2,350 ndi mphepo ya mamita 5 pa sekondi akupereka 11,750 m²/s, pamene mamita 100 ndi mphepo ya mamita awiri akupereka 200, kuchepa pafupifupi ka 60. Ceilometer yatsopano iyerekezedwe ndi zibaluni za 2 koloko masana pa masiku opanda mitambo, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe, ndipo masiku a utsi wochokera kutali awerengedwe paokha.